Matimati anga akuwola kunsi chonsecho ndimathirira tsiku ndi tsiku, ndikulakwitsa pati?

Wapuloti Yakumpanda analemba:

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga zanu mwakachetechete chilandirireni puloti yanga ya dimba, koma lero zandikwana, ndati ndifunse basi, kaya mundiseka.

Chino ndi chaka changa choyamba. Ndinakhalitsa pamndandanda wodikirira, ndiye tsiku limene a komiti anandiimbira kuti puloti yapezeka, sindinafunse n'komwe chimene chinathawitsa mwini wake wakale. Ndi ya mamita 10 m'lifupi, 15 m'litali, yakumapeto kwenikweni kumpanda. Tonse timadalira mpopi umodzi wa pachipata, ndipo lamulo la pamalopo sililola payipi, aliyense atunge ndi keni. Kuchoka pampopi kukafika pabedi langa loyamba ndi mapazi 140, ndinachita kuwerenga tsiku lina nditakwiya. Keni yanga ndi ya malita 10.

Kukuzizira muja zonse zinkayenda. Ndinagaula, ndinakonza mabedi 8, lililonse mita 1 m'lifupi ndi mamita 8 m'litali. Awiri ndinaika matimati, enawo nyemba zoyanga, anyezi, karoti, kabichi, letesi ndi maungu. Mbande zinagwira zonse, moti anzanga a kuntchito ndinawatopetsa ndi zithunzi. Koma chitenthereni kunja masabata atatu apitawa, dimba lija lasanduka lina.

Chikundidya mtima ndi matimati. Ndili ndi mitengo 24. Masamba ake ali biriwiri, munthu wodutsa angati ndine katswiri. Koma ukatembenuza chipatso, kunsi kwake, kumene kunali duwa kuja, kuli banga. Limayamba lotuwa ngati padonthera madzi, kenako limakula, n'kuda, n'kulowa m'kati, ukaligwira lili gwa ngati chikopa chouma. Dzulo ndathothola 17 otere, ena akuluakulu amene ndinkawasuzumira tsiku lililonse kudikira kuti afiire. Ndinawaponya m'ndowa n'kukhala kaye pansi, khasu lili pambali.

Bambo a puloti yoyandikana nane anati ndi chiwawu, ndipopere msanga chisanalowe kwawo. Ndapopera kawiri. Palibe chasintha.

Musandiuze kuti sindithirira ayi. Ndikaweruka ndimafika kudimba cha m'ma 5 koloko, Lolemba mpaka Lachisanu, ndimatunga makeni 8, bedi lililonse keni yake, ndimawaza mpaka dothi lonse lide. Loweruka ndimabwera ndi mnyamata wanga, timatunga makeni ngati 30, ambiri mwa iwo n'kukhuthulira matimati omwewo mpaka madzi kuima. Lamulungu sindibwera. Lachitatu nalo nthawi zina limandidutsa ndikachedwa kuntchito.

Zinazi ndingotchula. Letesi watalika ngati akufuna kukhala mtengo, wayamba maluwa, masamba ake akuwawa. Nsonga za nyemba zadzaza nsabwe zakuda, nyerere zili pikitipikiti kukwera ndi kutsika. Maungu akuchita maluwa ambiri koma onse akungoyoyoka, dzungu sindinalionepo ngakhale limodzi. Ndiye pali kapinga. Ndikapalira Loweruka, pofika Lachinayi wabwerera kale, ngati amangodikira kuti nditseke chipata. A komiti amayendera mapuloti, amene yake yachita thengo amamulembera kalata, ndipo ndikuona kuti yanga ili m'njira.

Ndiye ndithandizeni. Matimatiwa akudwala chiyani, mankhwala ake ndi ati? Komanso ndibweze theka la puloti kodi? Amuna anga akuti ndinasenza katundu wondiposa. Pakamwa ndimawatsutsa, koma usiku msana umawavomereza.

Gogo wa Makeni Awiri anayankha:

Mwana wanga, choyamba mankhwalawo abwezereni pamene munawatenga. Amenewo si matenda, ndipo sangadumphe malire kupita kwa anzanuwo. Chiwawu chimagwira masamba ndi tsinde, mabanga ake amafalikira msanga, makamaka kunja kukakhala chinyezi ndi mvula yowaza, ndipo bedi lonse limatha kupserera m'masiku owerengeka. Ndi chomwe chija chinawononga mbatata ya kachewere ku Ireland kuyambira 1845, anthu pafupifupi 1 miliyoni n'kufa ndi njala ndi matenda. Inu masamba anu ali biriwiri, kunja kuli kouma. Si chimenecho.

Chimene mukuonacho ndi chipatso choperewera kashiamu, mchere wina wa m'dothi umene mbewu zimafuna. Koma musathamangire kukafuna kashiamu wothira, poti m'dothi nthawi zambiri alimo wokwanira. Chavuta ndi ulendo wake. Kashiamu amakwera mumtengo atasungunuka m'madzi amene mizu ikukoka, ndipo madziwo ambiri amathamangira kumasamba, chifukwa ndi kumene amatulukira dzuwa likamawomba. Chipatso chimangolandira zotsala, ndiye kunsi kwa chipatso ndi komwe kumalandira pomaliza. Dothi likauma masiku awiri atatu pamene chipatso chidakali chanthete ndipo chikukula mofulumira, kunsiko kumasowa, mnofu wake n'kufa. Banga mukuliona lerolo linayambika sabata imodzi kapena awiri apitawo, musanalione.

Tsopano tiyeni tiwerengere limodzi, poti manambala mwatipatsa nokha. Mbewu zambiri za m'dimba zimafuna madzi pafupifupi mamilimita 25 pasabata, kukatentha kwambiri zimafuna oposa apo. Milimita imodzi ndi lita imodzi pa sikweya mita imodzi. Bedi lanu ndi masikweya mita 8, ndiye kuti malita 200 pasabata, amene ndi makeni 20. Mabedi 8, makeni 160. Inu sabata yabwino mukutunga 70. Keni imodzi pabedi lonselo imangodetsa dothi pamwamba, pofika 10 koloko mawa lake dzuwa latenga onse. Choipa china n'chakuti mizu imalondola madzi. Mukamanyowetsa pamwamba pokha, mizu imakhazikika pamwamba pomwepo, pamene pamayambira kuuma. Kenako Loweruka chigumula, Lamulungu chilala. Matimati amadana ndi zimenezo. Mukapitiriza muonanso ena akung'ambika khungu akamapsa.

Musanditsutse, musandivomerenso, musanachite ichi: mawa mukathirira monga mwa masiku onse, dikirani mphindi 30, mukumbe ndi dzanja pakati pa mitengo iwiri mpaka chikhatho chilowe chonse. Mudzatiuze pamene chinyezi chathera.

Ndikanakhala ine, matimatiwo ndikanawathirira kawiri pasabata, makeni 10 pabedi ulendo uliwonse, dzuwa likakula kwambiri katatu. Chotsani kasefa ka kumlomo kwa keni kaja, n'kothiririra mbande kunazale ako. Kumbani kabeseni kuzungulira tsinde lililonse, muzithira pansi, osati m'masamba. Dothi likaumitsitsa limakana madzi, amangothamanga pamwamba, ndiye thirani pang'ono mzere wonse, mubwererenso pamene munayambira. Ena amadula botolo la malita 2 kumatako, n'kulikwirira chozondoka pafupi ndi tsinde kuti madzi azitsikira kumizu. Zimagwira, ine ndimangochita ulesi kutolera mabotolo. Zipatso za banga thotholani zonse, sizichira. Feteleza wokulitsa masamba uja muyambe mwamusiya, chifukwa masamba akachuluka ndi omwe amalanda chipatso madzi.

Matimati atenga makeni 40. Otsala 30 aja akukwanira bedi limodzi ndi theka. Apo ndiye musankhe nokha kuti ndi ati, ine sindikusankhirani. Yanga ndailima zaka 22 ndipo chilimwe sindinadzazepo mabedi onse. Komanso pezani keni yachiwiri. Imodzi imakupendeketsani, ndi imene ikuthyola msanawo, pamene ziwiri mumayenda chilili, maulendo n'kuchepa ndi theka.

Wokonda Kabichi anayankha:

Pepani nazo amayi. Ine zinandichitikira chaka chatha, wina anandiuza kuti ndisinje makoko a mazira n'kuwaza patsinde. Ndinatero, ndipo zipatso zakumwamba zinatuluka zabwinobwino. Yesani, palibe chimene mutaye.

Mlimi Waulesi anayankha:

Agogo anena zoona za matimati, sindiwonjezera. Koma masamu awowo ndi a dothi losavala. Achemwali, mabedi anu ali pamtunda kodi? Ngati dothi likuonekera, dzuwa likumwa nawo madzi anu musanafike n'komwe kunyumba. Phimbirani. Udzu wouma umene sunachite njere, masamba ouma, mapesi oduladula, chilichonse chotere, muunjike kuchindikala masentimita 5 mpaka 8. Muchite izi mutathirira mokwanira kaye, chifukwa mukaphimbira dothi louma mwatsekera chilala m'kati. Patsinde penipeni musiye mpata wa zala zitatu kuti lisawole. Ine dzina langali ndinalitenga dala. Ndimabwera kudimba katatu pasabata basi, ndipo masana dzuwa lili paliwombo ndikalowetsa dzanja pansi pa udzu, dothi lili zii, nyongolotsi zili pomwepo.

Za kubweza theka la puloti, ine ndikuti ayi. Munaidikira nthawi yaitali, mukabweza simudzaionanso. Mabedi amene simungathe kuwathirira agonekeni. Pezani makatoni, muchotse tepi, muyale awiriawiri mosanjikiza, m'mphepete mwake mupitirirane ndithu kuti kuwala kusapeze polowera. Nyowetsani, tsinjirizani ndi miyala, pamwamba muyalepo udzu. A komiti akabwera aona bedi laukhondo, osati thengo. Pofika nyengo yodzala inayo makatoniwo afewa, dothi la pansi lakhala lofewa ngati munalima.

Kapingayo ndiye ndimveni bwino, poti ine anandiliza chaka chathunthu. Kapinga amayanga pamwamba ndi pansi pomwe, ndipo mfundo iliyonse ya tsinde lake imatha kutulutsa mizu. Ndiye mukamamutema ndi khasu Loweruka lililonse, mukumudula zidutswa 20, n'kumukwirira nokha m'dothi lothirira. Kumeneko n'kudzala, si kupalira. Tengani foloko, mutukule dothi, mukoke chingwe chonsecho osachidula. Zimachedwa, bedi limodzi likhoza kukudyerani m'mawa wonse, koma mukatero kawiri katatu amayamba kugonja. Mukazula musaponye pamulu wa kompositi. Ine ndinatero, mulu wonse unasanduka bwalo la mpira, kenako ndinamwaza ndekha manyowa omwewo m'mabedi onse. Yanikani pamalata kapena pamwala mpaka aume kuti gwaa. Pansi pa makatoni amafooka chifukwa chosowa kuwala, koma muzimuyang'anira m'mphepete, amasuzumira.

Maudzu enawo, omera ndi njere, musawadikire akule. Akadali ngati ulusi, m'mawa kunja kuli dzuwa, ingopalani pamwamba ndi khasu mosazamitsa, pofika masana afota okha. Mukamakumba mozama mukutulutsa njere zimene zinagona pansi zaka zambiri, zikaona kuwala n'kumera.

Letesi uja muiwaleni. Akayamba kutalika n'kuchita maluwa sabwerera m'mbuyo, kutentha ndi kutalika kwa masiku kwamuuza kuti nthawi yobereka njere yakwana. Zulani. Musavutikenso kufesa wina panopa, njere zake sizimera bwino dothi likamatentha kuyandikira madigiri 30. Apo bedi limodzi lachoka kale pamasamu a agogo.

Gogo wa Makeni Awiri anayankha:

A Wokonda Kabichi, makoko a mazira amatenga nthawi yaitali kwambiri kuti asungunuke m'dothi. Ine ndimawapeza mukompositi patapita chaka ali oyera mbee, momwe ndinawaponyera. Chimene chinakuchitikirani n'chakuti vutoli limakonda masango oyamba, ndipo mutaona zipatso zikuwonongeka munayamba kuthirira mosamala. Mazira anangodyerapo ulemu.

A Waulesi, za kuphimbira ndikuvomera, ine ndimaphimbiranso. Koma udzu umasunga madzi amene mwathira, subereka madzi ayi. Ndipo mwaiwala kuwauza mayiwa za alendo amene amakonda kugona pansi pa udzu wonyowa.

Mayi wa Njuchi anayankha:

Agogo akunena nkhono. Zibwera ndithu, makamaka kunyemba ndi kukabichi. Madzulo kukangoyamba kuda tengani tochi ndi kachitini, mutole ndi manja. Kapena gonekani thabwa pakati pa mabedi, m'mawa mukalitembenuza muzipeza zitasonkhana pansi pake.

Ine ndabwerera nsabwe ndi maungu. Nsabwe zimachulukana modabwitsa chifukwa nyengo ino zazikazi zimabereka ana amoyo popanda yamphongo, ndipo kukatentha mwanayo pakangotha sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono nayenso wayamba kubereka. Nyerere mukuzionazo sizikudya nyemba zanu. Nsabwe zikamayamwa mtengo zimatulutsa timadzi totsekemera, ndiye nyerere zimaziweta ngati ng'ombe za mkaka, kuzitchinjiriza kwa adani ake. Nsonga zimene zadzaziratu zitsineni, mukataye kutali. Zotsalazo fikisani ndi zala, kapena muzitsuke ndi madzi amphamvu. Zikakanika, madzi osungunulira sopo pang'ono chabe, madzulo dzuwa litazizira, ndipo muyesere kaye pamasamba ochepa poti sopo akachuluka amawaula.

Koma musanachite chilichonse, gwadani muyang'anitsitse pakati pa nsabwezo. Mukaona kachilombo kakuda motuwira, kotalikirapo, ka madontho achikasu kapena ofiirira, kooneka ngati kang'ona kakang'ono, musakaphe. Kameneko ndi kamwana ka tizilombo tofiira ta madontho akuda tija, ndipo kamadya nsabwe tsiku lonse osapuma. Ine chaka choyamba ndinkatifinya poganiza kuti ndi timene tikuwononga, mpaka lero zimandiwawa. Mankhwala ophera tizilombo amapha iti ndi njuchi zomwe, nsabwe n'kubwerera msanga kuposa adani ake.

Za maungu musadandaule msanga. Dzungu limakhala ndi maluwa amitundu iwiri pamtengo umodzi, aamuna ndi aakazi, ndipo oyamba kutuluka amakhala aamuna ambiri. Amenewo ntchito yawo ndi kupereka mungu n'kuyoyoka basi. Yang'anani kuseri kwa duwa. Lalimuna lili pakaphesi kowonda, lalikazi lili ndi kadzungu kakang'ono kale. Duwa lililonse limatseguka m'mawa umodzi wokha, pofika masana latseka. Inu mumafika 5 koloko, ndiye simunalionepo lotseguka, komanso simudziwa ngati njuchi zimabwera. Loweruka lawirirani. Mukapeza lalikazi lotseguka, thyolani lalimuna, muchotse masamba ake achikasuwo, kamtima kotsalako mukakhudzitse pakati pa lalikazi mofatsa. Kadzungu kakachita chikasu n'kugwa, ndiye kuti mungu sunafike kapena mtengo uli ndi ludzu. Maungu amamwa kwambiri, koma akayanga masamba ake amaphimba okha dothi.

Wapuloti Yakumpanda anayankha:

Ndabwerera, patha masiku 16. Zikomo nonse, ndinawerenga mobwereza.

Agogo, ndinakumba monga munanenera. Chinyezi chinathera pamfundo yachiwiri ya chala. Pansi pake fumbi, lofunda ngati phulusa la dzulo. Ndipo pamwamba pomwepo panali timizu toyera tambirimbiri tolukanalukana, ena ndinawadula ndi chikhadabo osadziwa. Ndinayang'ana uku ndi uku ngati pali amene wandiona. Miyezi yonseyi ndimayenda mapazi 2,000 ndi kanthu madzulo alionse kukatsuka dothi kumaso.

Letesi ndinazula tsiku lomwelo, sizinandiwawe. Kabichi ndiye anandivuta mtima, koma nditatembenuza masamba ndinapeza mbozi zobiriwira zitadya kale mpaka kumtima, ndiye ndinapulumutsa mitu inayi, ina yonse pamulu. Mabedi awiriwo agona pansi pa makatoni. Karoti ndamusiya adzionere yekha, ndimamupatsa zotsala. Keni yachiwiri ndinapeza. Panopa Lolemba ndi Lachinayi ndi za matimati, makeni 20, maulendo 10. Lachiwiri nyemba, Lachisanu maungu, Loweruka anyezi ndi kulimbana ndi kapinga. Lachitatu ndimapita kunyumba molunjika ngati munthu, osadziimba mlandu.

Udzu wophimbira unandivuta kupeza wokwanira, ndiye matimati okha ndi nyemba ndi amene avala mokwanira. A Waulesi, zija mumanena za dothi lozizira ndazikhudza ndi dzanja langa. Lachinayi ndisanathirire ndinakumba, chinyezi chinalipobe mpaka chikhatho chonse.

Sikuti zonse zakoma ayi. Patsango lachiwiri ndatayanso zipatso 9, ndipo tsiku limenelo ndinatsala pang'ono kulemba muno kuti agogo munandinamiza. Kenako ndinakumbukira kuti munati banga limayamba lisanaoneke. Tsango lachitatu zipatso zake zafika ngati dzira la nkhuku, ndimazitembenuza chimodzichimodzi ngati nesi, mpaka pano zili zosalala.

Nkhono zinabwera monga munalosera. Usiku woyamba ine ndi mnyamata wanga tinatola 43, iye ndi amene amawerenga. Zinali zitadya kale nyemba zitatu zimene ndinabwezera mophonya muja. Kang'ona kaja anakapeza ndi iyeyo, tiwiri, ndipo wandiletsa kugwira mzere umenewo, akuti ndi ziweto zake. Nsabwe zachepa ngakhale sizinathe.

Mayi wa Njuchi, Loweruka ndinafika 6 koloko. Sindinkadziwa kuti dimba langa m'mawa limaoneka choncho, maluwa onse ali yasa, achikasu, njuchi imodzi itazama m'kati mpaka kungooneka kumbuyo kwake. Aakazi ndinapeza awiri, ndinachita monga munanenera, manja akunjenjemera ngati ndikuba. Kadzungu kamodzi kanagwa, kachiwiri kakukula, panopa kaposa chibakera changa.

Bambo oyandikana nawo aja akuumirirabe kuti chinali chiwawu ndipo mankhwala ndi amene agwira mochedwa. Sindinalimbane nawo. Dzana anandifunsa kumene ndinapeza udzu. A komiti anadutsa, anafunsa za makatoni, ndinafotokoza, kalata sinabwere.

Funso lina, musatope nane. Anyezi ena masamba ayamba kugwa okha, ena atulutsa phesi lolimba pakati lokhala ndi kampira kunsonga. Mitu yake si yaikulu kwenikweni. Ndiwonjezere madzi kuti akule, kapena ndachedwa?

Gogo wa Makeni Awiri anayankha:

Gwirani pakhosi pa anyezi amene agwawo. Pakakhala pofewa, popanda kanthu m'kati, ndiye kuti amaliza, ngakhale muthire mtsinje sakulanso. Mwina ludzu lija linawafulumizitsa, anyezi mizu yake ndi yaifupi. Amene akadali chilili ndi masamba obiriwira apatseni madzi, ndipo muwazulire udzu ndi manja, khasu limawavulaza. Musawapinde dala masamba, ena amatero koma kumangowalepheretsa kukula. Theka la bedi likagwa lokha, siyani kuthirira, mudikire sabata imodzi kapena awiri, muzule kunja kuli kouma. Ayanikeni pamthunzi podutsa mphepo mpaka khosi liume ndipo khungu liziti tswatswa mukaligwira.

Otulutsa phesiwo akufuna kuchita maluwa. Thyolani phesilo, muwazule, muyambe kugwiritsa ntchito amenewo, chifukwa phesi limadutsa pakati pa mutu ndipo sasungika, amawolera m'kati. Musawasakanize ndi osunga.

Bedi la anyezi likatha ndikudziwa chimene chibwere m'mutu mwanu, mufuna kudzalapo china. Makeni a Lowerukawo apatseni karoti, ndipo mumupatulire kuti patsale mpata wa masentimita 5, madzulo, dothi lili lonyowa. Tsango lachitatulo likafiira mutiikire chithunzi, koma mujambule kunsi kwake.